A Kamtedza ndi Tchalitchi cha Pamwamba pa Ng'ombe

Tsiku lomwe tinkakonza za maliro a bambo Yesaya Kamtedza, mkangano woyamba sunali wa bokosi kapena wa chakudya. Unali wa malo. Mwana wawo wamkulu, Rute, anafunsa kuti mwambo tichitire kuti, ndipo ba Mwanza, mkulu wa mpingo wathu wochokera ku Chipata, anayankha asanaganize n'komwe.

"Ngati mufuna mzimu wao ukondwele, tiyeni tisakile khola."

Anthu anaseka. Rute nayenso anaseka kwinaku akupukuta misozi. Mwambowo tinachitira m'holo yathu ya ku Annandale, yofunda bwino, ya kapeti pansi, imene malemuwo anakhala akuidandaula Lamlungu lililonse mpaka mwezi watha pamene mtima wawo unatopa.

Ndife kampingo kakang'ono ka Amenonaiti kuno kutsidya kwa nyanja, ena a ku Malawi, ena a ku Zambia. Ana athu amene akulira m'holo imeneyi amaganiza kuti tinayambira pomwepo, pa mipando yofewa ndi chimbudzi cha madzi. Sadziwa kuti mpingo uno unayendapo ngati munthu wothawa milandu, ndipo amene ankauyendetsa anali bambo mmodzi wamfupi, wa mapewa otambalala, wovala chipewa chakuda chimene anachita kupatsidwa ndi alimi.

A Kamtedza ankagwira ntchito yoyendetsa thiraki. Ankatenga mazira ndi masamba kwa alimi a Chimenonaiti a kumidzi ya kumwera kwa Maryland, kuja anthu ena amayendabe pa ngolo za mahatchi, n'kukatula pamsika wa ku Columbia Heights. Chipembedzochi sanachitengere kuno. Anabwera nacho kuchokera kwawo ku Ntcheu, kumene mpingo wawo unayambira pansi pa mtengo wa mkuyu, mvula itavuta n'kusamukira m'chigafa cha fodya. Ankakonda kunena kuti m'chigafamo ndi momwe anamvera Mulungu bwinobwino, ngakhale kuti theka la mpingo linkangoyetsemula. Kwa iwo, tchalitchi chikangopakidwa penti, anthu amayamba kupembedza khoma. Ukawauza za fungo, ankakukumbutsa kumene Ambuye anabadwira, n'kukufunsa ngati mphuno yako ili yolemekezeka kuposa ya Mariya.

Munthu ameneyu anali wa mkangano kubadwa kwake. Vuto linali loti analowa mpingo umene suloleza kumenyana, kutukwana kapena kubwezera choipa. Ndiye mkwiyo wawo wonse ankaupititsa m'mazira. Ukawayankha molakwika pamsonkhano, sankakweza mawu. Ankangogwedeza mutu, n'kunena kuti mtendere ukhale nawe, mawa lake n'kupeza thireyi ya mazira pakhomo pako. Poyamba tinkayesa mphatso wamba. Patapita nthawi tinazindikira. Amayi ena anandiimbirapo foni, akuti, "Esnati, ndapeza mazira pakhomo. Kodi dzulo lija ndinanena chiyani?" Ine ndinalandirapo kamodzi, chifukwa chofunsa ngati ulaliki ungamatheko msanga kuti ife ogwira ntchito yosamalira okalamba tizifika pa nthawi yake. Ndinawakazinga, koma sanandikomere.

Malo athu oyamba anali pabalaza pa a Kamtedza, m'nyumba ya m'mwamba ku Landover. Tinkakhala pa sofa, pa mabaketi ovundikira, ana pansi. A Kamtedza sankalola ng'oma, gitala kapena chisekese. Ankati Mulungu anatipatsa kale kholingo, zinazo n'zowonjezera za anthu. Koma makoma a nyumba za kuno ali ngati pepala. Bambo wina wa chipinda cha m'munsi, amene ankafuna kugona Lamlungu m'mawa, anayamba kumagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache tikangoyamba kuimba. Du! Du! Du! Mwatsoka lake ankagogoda motsatira nyimbo, ndipo amayi a ku Zambia anayamba kumagwedeza mapewa. Ndi ng'oma yokhayo imene mpingo wathu unakhalapo nayo pa zaka zimenezo. A Kamtedza anamupititsira mazira, bamboyo analandira n'kuthokoza, kenako anakatineneza kwa eni nyumba.

Titathamangitsidwa kumeneko, a Kamtedza anatipezera malo kwa mnzawo Che Jafali, Msilamu wa ku Mangochi, amene ankayang'anira nyumba ina yaikulu yosungiramo matilesi ogonapo ku Landover komweko. Mwini wake anavomera kuti tizipempheramo Lamlungu, bola tisadyeremo. Che Jafali ankatitsekulira, n'kukhala panja m'galimoto mwawo mpaka titamaliza. Munali malo ambiri, mopanda woyandikana naye. Cholakwika chinali chimodzi. Anthu ambiri mumpingo mwathu amabwera kutchalitchi atagwira ntchito mpaka m'bandakucha, ndipo mipando inali matilesi atsopano okutidwa m'mapulasitiki. A Kamtedza akafika pakati pa buku la Levitiko, unkangomva mapulasitiki akuti tswa, tswa, wina akupendekeka pang'onopang'ono, mpaka phi. Lamlungu lina atanena kuti ameni, palibe anayankha. Anatuluka panja kukaitana Che Jafali kuti adzaone okha.

"Taonani nkhosa zanga, achimwene."

Che Jafali anasuzumira, n'kunena kuti, "Apa ndiye mwawafikitsa pa mpumulo weniweni, abusa. Koma adzutseni, katunduyu ngwogulitsa."

Sabata yotsatira a Kamtedza analengeza kuti apeza malo pomwe munthu sangagone ngakhale atafuna. Sananame.

Pakati pa alimi omwe ankawatengera mazira panali a Eli, mzungu wa ndevu zoyera, wosalankhula zambiri. A Eli atamva kuti kuli Amenonaiti akuda amene alibe popempherera, anawalozera chipinda cha pamwamba pa khola lawo la ng'ombe za mkaka, mosungira udzu wouma. Chotero Lamlungu lililonse tinkadzazana m'magalimoto, ena kuchokera ku Annandale, ena ku Landover, n'kuyenda mtunda wautali mpaka nyumba zitatha, kutsala minda ya chimanga yokhayokha. Tinkakwera masitepe a matabwa n'kukhala pa mitolo ya udzu. Udzuwo unkabaya ngakhale utayala chitenje. Pansi pathu ng'ombe zinkabzikula, ndipo nthawi zina zinkayankhira ulaliki pamalo oyenera. Ana ankadandaula m'Chingerezi njira yonse yobwerera kuti akununkha, ndipo ankanena zoona. Ine ndinalowapo kuntchito ndili chichokere kumeneko, gogo wina amene ndinkamusamalira n'kundifunsa ngati kwathu timagona ndi ziweto.

Koma ndisaname, tinkaimba bwino m'menemo. Denga linali lalitali, mawu ankakwera n'kubwerera atanenepa. Nthawi yotentha tinkatsekula chitseko chachikulu cholowetsera udzu, mphepo n'kumalowa, ukuona minda mpaka kutali. Amayi ena amene anali atatha zaka osapita kumudzi ankangoima pachitsekopo. A Eli ndi akazi awo ankabwera nthawi zina n'kukhala kumbuyo, osamva liwu ndi limodzi lomwe, koma akugwedeza mitu. A Kamtedza ankayenda m'menemo ngati mfumu.

Ba Mwanza ndi amene anayamba kunena zosamuka. Iwo ndi munthu wamtali, waukhondo, wokonda jekete ndi nsapato zopukuta, ndipo anali atapeza holo ina ku Annandale imene eni ake sankaigwiritsa ntchito Lamlungu masana. Ankati nthawi yozizira khola lija ndi chilango, ana azidwala, okalamba azigwa pa masitepe. A Kamtedza ankati ana a alimi amakulira momwemo ndipo ndi onenepa kuposa athu. Msonkhano uliwonse nkhani inali yomweyo. Ba Mwanza analandira mazira ochuluka mwakuti akazi awo anayamba kumabwera ndi makeke kutchalitchi sabata iliyonse, ndipo a Kamtedza ankadya nawo mosadziwa kuti akudya mkwiyo wawo womwe. Kenako amuna awiriwa anasiya kulankhulana. Ankalankhulana kudzera m'mapemphero. Uyu akapempha Ambuye kuti afewetse mitima ya okonda zofewa, winayo ankapempha kuti atsekule maso a okalamba ouma mutu. Ife tinkangoti ameni kwa onse awiri.

Zinafika poipa. Mabanja ambiri a ku Zambia, ndi a ku Malawi ena, anagwirizana kuti Mgonero wa Ambuye wotsatira ukhala womaliza kudya limodzi, kenako iwo apita ku Annandale, otsala atsale ndi ng'ombe. Kampingo ngati kathu kakagawika pawiri sikakhalanso mipingo iwiri, kamangotha. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Kwathu, tisanadye Mgonero timasambitsana mapazi, amuna paokha, amayi paokha. Timakhala pamzere, aliyense n'kusambitsa amene wayandikana naye. Tsiku limenelo kunazizira koopsa. Kunja kunali kutayera ndi chipale chofewa, ndipo madzi amene anyamata anatunga pampopi wa m'khola anali ndi timiyala ta ayezi pamwamba. Tinamanga chingwe pakati n'kupachikapo zitenje, amayi mbali ino, amuna mbali iyo. Ine ndinakhala pomwe zitenje ziwiri sizinakumane bwino, choncho zonse ndinaziona ndi maso anga, ndipo sindinali ndekha wosuzumira.

A Kamtedza anakhala kumapeto kwa mzere, ba Mwanza kumapeto kwina, pakati pawo amuna onse. Chimene awiriwa sankadziwa n'chakuti mayi Kamtedza ndi mayi Mwanza anali atakambirana kale ndi amuna enawo. Nyimbo itangoyamba, wina anadzuka ngati waiwala thaulo m'galimoto. Wina anatsika kukaona mwana. Ena awiri anatembenukirana n'kuyamba kuvulana nsapato mwachangu, enanso awiri chimodzimodzi. Pomwe nyimbo inkatha, aliyense anali ndi mnzake, kupatula anthu awiri okhala patali, pakati pawo mitolo ya udzu yopanda munthu ndi beseni limodzi.

Anayang'anana. A Kamtedza anayang'ana kudenga ngati akufunsa Mwini wake ngati zimenezi akuzidziwa. Kenako anadzuka, anamanga thaulo m'chiuno, ananyamula beseni n'kukagwada pamaso pa ba Mwanza.

"Mwendo."

Aka kanali koyamba kuwalankhula maso ndi maso kuchokera nthawi yokolola chimanga.

"Siyani chabe, nizasamba neka," anatero ba Mwanza.

"Malemba sanati aliyense asambe yekha. Mwendo."

Anamasula nsapato yowala ija. M'kati munali sokosi. Pansi pa sokosi munali jumbo ya pulasitiki, pansi pa jumbo sokosi ina, pansi pake inanso. A Kamtedza ankavula chimodzichimodzi ngati akusenda anyezi, n'kumaziyala pa udzu kuti aliyense aone, ndipo anyamata anayamba kuseka chamumtima. Atavula yomaliza, dzanja lawo linaima.

Phazi lija linali lotupa, zala zake zotuwa, ndipo chala chaching'ono chinali ndi bala lakuda. Ba Mwanza anali ndi matenda a shuga. Mapazi awo anali atasiya kumva bwino, ndipo dokotala anali atawachenjeza kale kuti asamakhale malo ozizira. Sanauze munthu aliyense mumpingo kupatula akazi awo, chifukwa sankafuna kuti anthu aziti akusamutsa tchalitchi kaamba ka zala zawo. Ankangonena za ana ndi masitepe.

A Kamtedza anakhala chigwadire. Anayang'ana phazi, anayang'ana madzi a ayezi aja, kenako anakankhira beseni pambali.

"Munthu iwe," anatero chapansipansi, ulemu wonse ataiwala, "miyezi yonseyi wakhala ukukwera muno ndi phazi ili?"

Ba Mwanza anayang'ana kumbali.

A Kamtedza anadzuka n'kupita pomwe anapachika chikwama chawo. Anatulutsa fulasiki yaikulu imene akazi awo ankawaikira Lamlungu lililonse. Anataya madzi ena a m'beseni m'ndowa, n'kukhuthuliramo za m'fulasiki zonse kuti afunditse otsalawo. Maganizo awo anali pa phazi, choncho sanaone zimene ankathira mpaka nthunzi itakwera. Munali tiyi. Wamkaka, wothira shuga wambiri monga ankamukondera. Anaima kaye pang'ono, anapisa chala kuti amve kutentha, ndipo poona kuti ndi wofunda bwino, ananyika thaulo n'kuyamba kupukuta chidendene mosamala, akulambalala bala lija.

Ba Mwanza anasuzumira m'beseni.

"Imwe ba Kamtedza, shuga nili nayo kale m'thupi. Manje mufuna kuniikila na kumendo?"

Wina kumbali yathu anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi duku. A Kamtedza sanamwetulire n'komwe. Anamaliza phazi limenelo, anachita linalo, anawapukuta bwinobwino, n'kuwaveka masokosi onse aja mmene analili, jumbo yomwe. Kenako anavula sikafu yawo n'kuwakulunga mapazi onse awiri.

Tsono inafika nthawi ya ba Mwanza. Anthu anawaletsa kuti asagwade, koma anakana. Anakokera beseni la tiyi lija pafupi, a Kamtedza anakhala pa mtolo n'kuvula mabuti awo a kuntchito. Apa ndi pomwe chinsinsi china chinaululika. Zaka zonsezo a Kamtedza ankaonetsetsa kuti akhale kumapeto kwa mzere, azisambitsa ena, iwo akafikiridwa n'kungoviika phazi msangamsanga okha. Tinkayesa kudzichepetsa. Chilungamo chake n'chakuti bambo aja sankapirira kugwidwa kuphazi. Ba Mwanza atangodutsitsa chala pansi pa phazi, a Kamtedza, munthu woti sitinamuonepo mano, analira kuti "Hiii!" ngati kamtsikana. Anayesa kuluma mlomo. Ba Mwanza anawayang'ana, anazindikira, ndipo ndikhulupirira kuti Ambuye anawakhululukira zimene anachita kenako, chifukwa anayamba kusambitsa pakati pa zala, chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Basi! Ndayera! Achimwene, ndayera!"

"Iyai, pakali doti apa."

A Kamtedza anaseka mpaka misozi, anagwa chagada pa udzu, mwendo unaponyedwa m'mwamba n'kumenya beseni. Tiyi yense anatayikira pansi, n'kulowa m'mipata ya matabwa. Kenako ng'ombe imene inali pansi pake inalira mokwiya kwambiri, n'kumenya chitseko. Chingwe cha zitenje chinaduka chifukwa amayi tinachitsamira tonse. A Eli, amene anali kumbuyo phazi limodzi lili m'madzi, anafunsa mwaulemu ngati umenewu ndi mwambo wa ku Afirika.

Mgonero tinadya tonse, maso ali ofiira ndi kuseka. Titamaliza, a Kamtedza anaimirira, udzu uli m'mutu, n'kutsokomola.

"Abale, ndakhala ndikuganiza. Ng'ombe za a Eli tikuzisowetsa mtendere. Mwamva nokha lero. Ife ndife anthu a mtendere. Ndiye ndaona kuti tisamukire ku Annandale. Ndamva kuti kuli holo."

Anakhala pansi osayang'ana munthu. Ba Mwanza anati ameni mokweza, ngati akumva nkhaniyo koyamba. Tsiku lomwelo a Kamtedza anawanyamula pa thiraki yawo kupita nawo kuchipatala. Chala chaching'ono chija anachidula, koma phazi linapulumuka.

Mpaka kumwalira kwawo a Kamtedza sanavomere kuti anasintha maganizo chifukwa cha munthu. Aliyense wofunsa ankamuuza za ng'ombe. Ndipo holo ya ku Annandale sanaikonde tsiku ndi limodzi lomwe. Ankati kapeti imameza nyimbo. Ankakhala pafupi ndi windo n'kumalitsekula mobisa, ba Mwanza n'kumadzuka kukalitseka, osalankhulana, Lamlungu ndi Lamlungu. Achinyamata atabweretsa kiyibodi, analankhula motsutsa pamsonkhano wonse, anagonja, ndiye anazolowera kumaikapo chipewa chawo pamwamba pake ngati ndi tebulo. Maso atayamba kuvuta n'kusiya kuyendetsa galimoto, amene ankapita kukawatenga ku Landover anali ba Mwanza. Rute akuti ankakangana kuyambira pachipata mpaka pofika, za njira yachidule, za mpira, za ngati Chinyanja cha ku Lusaka chili chilankhulo kapena ngozi. Kuchipatala, masiku omaliza, ba Mwanza ankakhala pambali pa bedi n'kumawawerengera Masalimo, odwalawo n'kumatsegula diso limodzi kuwakonza katchulidwe.

Maliro atatha, Rute anandipempha kuti ndikadziwitse a kwa a Eli, poti iwo alibe foni m'nyumba. Ndinapita Loweruka lapitali. A Eli anamwalira kale, ndinapeza mwana wawo wamwamuna akukonza mpanda. Atamva uthengawo anavula chipewa. Anandiuza kuti ng'ombe anagulitsa, masiku ano amalima masamba okha, ndipo khola limangokhala. Ndinapempha kuti ndikwere, iye anati ndisamale sitepe yachiwiri, yawola.

M'mwambamo mulibe udzu. Ndi chipinda chachikulu kuposa mmene ndinkachikumbukira, pansi poyera, fumbi lokhalokha ndi zitosi za nkhunda. Pamtanda pali mzere wa misomali imene amuna anakhoma kuti tizipachikapo majekete, ina m'mwamba, ina m'munsi mwa msinkhu wa ana. Pamsomali wina patsala kagolovesi kofiira ka mwana, kamodzi, ndipo mwini wake pano ayenera kuti ali ku koleji. Dzuwa linkalowa m'ming'alu ya matabwa n'kujambula mizere pansi. Fungo lija, limene tinkachita nalo manyazi m'basi ndi kuntchito, latha. Ndinanunkhiza dala, osamva kanthu.

Ndinaima pakati n'kuyesa kuyambitsa nyimbo, mzere woyamba wokha. Pamene amuna amayenera kulowa ndi mawu aakulu ndinadikira, mwachizolowezi. Nkhunda imodzi inauluka n'kutulukira padenga.

Potsika, mwana wa a Eli anandifuulira ali kumpanda kuti nditseke chitseko cha pamwamba, mphepo imalowa. M'menemo munalibe choti chizizidwe, koma ndinabwerera, ndinachikoka mpaka chinagwira, n'kukoleka waya wake.